Kalata ya ku Tshwane: Makina Sayenda Okha

Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya jakaranda imayoyola maluwa ake m'misewu ya Pretoria, ndipo munthu amayenda ngati akuponda nsalu yoyalidwa dala. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndimadutsa mumsewu wa Meintjies ku Sunnyside, pamene pali likulu la unduna woona za malonda ndi mafakitale m'dziko la South Africa, umene eni ake amautchula mwachidule kuti dtic. Kwa zaka zingapo ndinkangodutsapo osalabadira. Nyumba za boma zimafanana kulikonse: mlonda pachipata, mbendera pamwamba, anthu a mataye akulowa ndi kutuluka. Chimene chinandiyambitsa kucheukira nyumbayi ndi mawu a telala wina wa kwathu ku Mangochi, amene amasoka ku Marabastad.

Bambowa ndinawapeza tsiku lina Loweruka atapasula makina awo osokera, aja a magetsi a Juki, tizitsulo tili mbwee pa tebulo. Ndinadandaula kuti ndiye kuti diresi langa lichedwa. Iwo anangoseka.

"Musade nkhawa, achemwali. Kachitsulo kathyokaka ndikagula pakona apa, madzulo ano mashini akhala akulira. Kukanakhala kumudzi, bwenzi ndikukuuzani kuti mubwere mwezi wamawa, mwinanso winawo."

"Nanga bambo, kwathu chimavuta n'chiyani, poti mashini ndi omwewa?"

"Ndi omwewa, inde. Koma mashini sayenda okha. Kumbuyo kwake kumakhala anthu."

Iwo ankanena za wogulitsa masipeya ndi makaniko wa pakona. Koma mawu amenewa anandiperekeza mpaka kunyumba, chifukwa sabata yomweyo ku ofesi tinali kukonza kabuku ka alimi a thonje a m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa, ndipo funso limene linkabwerezedwa m'misonkhano yathu linali lakale lija: bwanji timagulitsa thonje n'kumagula nsalu? Yankho la aliyense limakhala lakuti tilibe makina. Ndi zoona. Koma nditayamba kufufuza kumene makina opota ulusi ndi owomba nsalu amachokera, ndi njira imene amafikira m'maiko ngati athu, ndinapeza kuti bambo aja ananena zazikulu kuposa m'mene iwo eni ankaganizira. Kumbuyo kwa makina aakuluwa sikukhala makaniko yekha. Kumakhala boma lathunthu, ndi nduna zake, mabanki ake ndi akazembe ake. Ndipo boma limenelo si lathu.

Zimenezi sizinayambe lero. Dziko la Britain, kumene ntchito yopota thonje ndi makina inakulira, linkaletsa mwalamulo kutulutsa makinawo kunja mpaka m'chaka cha 1843, poopa kuti ena angabe luso n'kulilanda msika. Litaona kuti kugulitsa makina nako ndi malonda onona, linamasula chingwe, ndipo makampani a ku Lancashire anadzaza makina awo m'mafakitale a ku India, Russia ndi Japan. Patapita zaka wophunzira anapambana mphunzitsi. Mu 1924 Sakichi Toyoda wa ku Japan anamaliza makina owomba nsalu amene ankaima okha ulusi ukaduka, ndipo mu 1929 kampani ya Platt Brothers ya ku Oldham, ku Britain komweko, inagula ufulu wopanga makinawo. Banja la Toyoda ndi lomwe linadzayambitsa kampani ya galimoto ya Toyota. Minibasi imene mwakwera m'mawa uno ndi mdzukulu wa makina owombera nsalu.

Masiku ano maboma sakubisanso makinawa, akulimbirana ogula. Bwalo lawo lalikulu ndi chionetsero cha ITMA, chimene chinayamba mu 1951 ndipo chimachitika ku Ulaya kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Cha mu Juni 2023 chinali ku Milan, ndipo kunasonkhana makampani oposa 1,700 ndi alendo oposa 110,000. Chotsatira chidzakhala ku Hannover, m'dziko la Germany, mu Sepitembala 2027. Kumeneko sasonyeza zithunzi ayi. Amanyamula makina enieni olemera matani angapo, kuwamanga m'holo, n'kuwayatsa, kuti wogula adzionere yekha ulusi ukutuluka ndi nsalu ikukulungika. Ndalama zochitira zimenezi kwa sabata imodzi yokha zikhoza kumiza kampani yaing'ono.

Apa ndi pamene boma limalowerera. Tengani chitsanzo cha Italy. Makampani ake opanga makina a nsalu alipo pafupifupi 300, ambiri aang'ono ndiponso a m'banja, ndipo katundu wawo woposa magawo 80 pa 100 alionse amagulitsidwa kunja. Ali ndi bungwe lawo la ACIMIT, limene linakhazikitsidwa mu 1945, koma ulendo sayenda okha. Bungwe la boma lolimbikitsa malonda akunja, ICE, limawakonzera malo amodzi pansi pa mbendera ya dziko pa zionetsero za m'maiko akutali, komanso limaitana ogula akunja kukadzionera makina ku Italy. Bungwe la SIMEST limabwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chotsika kwa kampani yofuna kupita ku chionetsero. La SACE limaima ngati chikole: wogula wa ku Africa kapena ku Asia akalephera kulipira, wogulitsa sagona ndi njala, amalipidwa ndithu. Dziko la Germany lili ndi dongosolo lofanana, inshuwalansi ya Hermes, kuyambira mu 1949. Wogulitsa makina akamakupatsani chanza ku Milan, dziwani kuti msana wake watsamira khoma lolimba.

Palibe cholakwika pamenepa. Boma limene likuteteza ntchito za amisiri ake likuchita chimene linasankhidwira. Chondidetsa nkhawa ndi mbali inayo ya tebulo, kumene timakhala ife, chifukwa nthawi zambiri thandizo limene boma lina lakonzera amalonda ake ife timalilandira ndi nthungululu ngati mphatso yathu.

Dziko limene laphunzira bwino masewerawa n'kutembenukira kwa ife ndi India. M'malo modikira kuti tipite ku Milan, opanga makina a kumeneko anatibweretsera chionetsero pakhomo: ITME Africa inachitikira ku Addis Ababa mu Febuluwale 2020, kenaka ku Nairobi kumapeto kwa 2023. Ndipo poti amadziwa kuti m'thumba mwathu mulibe madola, boma lawo limabwereketsa maboma a mu Africa ndalama kudzera ku banki yake ya Exim, pa chiwongoladzanja chotsika ndi zaka zambiri zobwezera. Lamulo la ngongolezi n'losabisika: katundu ndi ntchito zosachepera magawo 75 pa 100 alionse ziyenera kugulidwa ku India komweko. Kunena mosapsatira, gawo lalikulu la ndalamazo silifika n'komwe ku Lilongwe. Limachoka ku banki ku Mumbai n'kupita kwa kampani ya ku India imene yapanga ndi kutumiza katunduyo. Chimene chimafika kwathu ndi zitsulo, ndi kalata ya ngongole.

Amalawi tinalawa kale zimenezi. Mu Januwale 2010 wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la India, a Hamid Ansari, anacheza ku Malawi n'kulengeza ngongole ya madola 50 miliyoni, ndipo pangano lake linasainidwa mu 2011. Gawo lina la ndalamazi linamangira bungwe la ADMARC mafakitale atatu ochotsa njere m'thonje: ku Ngara m'boma la Karonga, ku Balaka, ndi ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Inali nyengo ya chiyembekezo. Mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse unali utakwera modabwitsa kumayambiriro kwa 2011, ndipo boma la malemu Bingu wa Mutharika linaika K1.6 biliyoni m'bajeti ya 2011/12 yothandizira alimi ndi mbewu ndi mankhwala. Chaka chimenecho dziko linakolola thonje pafupifupi matani 100,000. Ine ndinali ndikadali pa sukulu, ndipo ndikukumbuka ndikudutsa pa Balaka pa basi, matumba a thonje ataunjikidwa m'mphepete mwa msewu ngati zulu, anyamata akugona pamwamba pake kudikira sikelo.

Chisangalalocho sichinachedwe. Mtengo unagwa, thandizo la zipangizo linatha, mbewu yabwino inasowa, mbozi zinachita phwando m'minda. Makampani amene ankakongoza alimi mankhwala anabwerera m'mbuyo ataona kuti thonje likugulitsidwa kwa ena, ndipo alimi nawo anali ndi madandaulo awo pa mitengo. Mlimi si wopusa; akaona kuti thukuta lake silikubwerera, amadzala nandolo kapena chitowe. Patangopita zaka zochepa zokolola zinatsika mpaka pansi pa matani 20,000. Tsono dziko linali kale ndi makampani ena ochotsa njere, monga Great Lakes Cotton ndi Malawi Cotton Company, onse akulimbirana kathonje kochepako. Makina atsopano aja anapezeka ali ndi pakamwa pakulu koma chakudya palibe. Mu 2022 ADMARC yeniyeniyo inatsekedwa kwa kanthawi kuti ikonzedwenso.

Ngongole yokha ndiyo sinatsekedwe. Inatengedwa m'madola ndipo imabwezedwa m'madola, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wopanga makina analandira zake kalekale, mwinanso anaiwala n'komwe kuti Ngabu ili kuti. Wobweza ndi namwino wa ku Nsanje ndi mphunzitsi wa ku Chitipa, kudzera m'msonkho. Sindikunena kuti a ku India anatipusitsa. Anatigulitsa chimene tinapempha. Funso limene linayenera kufunsidwa ku Lilongwe, osati ku New Delhi, linali lakuti: kodi chimene chikusowa pa ntchito ya thonje kwathu ndi makina ochotsa njere, kapena ndi thonje lenilenilo? Anzathu a ku Kenya anakumana ndi zofananazo. Fakitale ya Rivatex ku Eldoret inalandira makina atsopano a kampani ya Lakshmi Machine Works ya ku Coimbatore, pa ngongole ya madola pafupifupi 30 miliyoni ya banki ya Exim yomweyo, n'kutsegulidwanso mwaulemu mu 2019. Thonje la m'dzikomo silinakwane, mpaka kumakagula ku Uganda ndi ku Tanzania.

Wina anganene kuti ndiye tileke za makina, tizingolima basi. Ayi, zimenezo ndiye kudzipha. Pa makilogalamu 100 a thonje la mlimi pamatuluka thonje loyera la makilogalamu pafupifupi 40, ndipo lochuluka mwa limenelo limamangidwa m'mabelo n'kutuluka m'dziko. Ntchito zambiri ndi phindu lalikulu zili kutsogolo: kupota, kuwomba, kunyika mu utoto, kusindikiza maluwa, kusoka. Ife tagwira kumchira ndi kumutu, munda ndi singano, koma pakati pali mphako.

Mphako imeneyi sinalipo kuyambira kale. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuwomba nsalu zawo za machila m'midzi. Titalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inayamba ntchito mu 1967, inkapota, kuwomba ndi kusindikiza, ndipo makolo athu anavala yunifolomu ndi zitenje zake. Malire a malonda atatseguka m'zaka za m'ma 1990, kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo za ku Asia zinaifooketsa, mpaka mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto pakati pa mkangano waukulu. Owerenga athu a ku Zambia akudziwa nkhani ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la China koma makina ake anazima mu 2007, salaula ili pikitipikiti m'misika. A ku Mozambique akudziwa za Textáfrica ku Chimoio, dzina limene achinyamata ambiri lero amalidziwira ku timu ya mpira.

Mtengo wa mphakoyi timaulipira pa chipata cha South Africa. Malamulo a malonda a SADC amati chovala chilowe kuno popanda msonkho pokhapokha ngati chasinthidwa kawiri m'chigawo chathu, kutanthauza kuti nsalu yake iwombedwe konkuno, kenaka isokedwe konkuno. Kusoka kokha nsalu yochokera ku China sikukwanira. Kwa zaka zingapo Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia anapatsidwa mwayi wapadera wotumiza mulingo wina wa zovala zosokedwa ndi nsalu yakunja, koma pofika 2010 mwayiwo unali utatha. Mafakitale osoka amene ankadalira masitolo a ku Joni analibe pogwira. Choncho makina owomba nsalu tikuwafuna ndithu. Nkhani yagona pa kagulidwe kake.

Apa ndi pamene nyumba ya mumsewu wa Meintjies ija ili ndi phunziro, chifukwa pa makina a nsalu South Africa nayo ndi wogula ngati ife. Makina ake opotera ndi owombera amachokera ku Ulaya ndi ku Asia. Nayonso inagwidwa ndi mliri womwewo: msonkho utatsitsidwa pambuyo pa 1994, zovala za ku China zinasefukira, mafakitale a ku Cape Town ndi ku Durban anatseka motsatizana, ndipo anthu masauzande ambiri, makamaka amayi, anabwerera kunyumba manja ali m'khosi. Mu 2007 ndi 2008 boma linaika malire pa zovala za ku China, koma eni masitolo anangotembenukira ku maiko ena a ku Asia. Mu 2009 linasintha kayendedwe. Linakweza msonkho wa zovala zambiri kufika pa 45 peresenti, n'kukhazikitsa ndondomeko ya CTCP, imene inkayendetsedwa ndi bungwe la IDC. Fakitale inkapatsidwa ndalama zosinthira makina molingana ndi kuchuluka kwa ntchito imene yachitadi m'dziko muno, bola ikhale yolipira msonkho ndi yolemekeza malipiro ogwirizana ndi antchito. Wosankha makina anali mwini fakitale, munthu amene akudziwa chimene makasitomala ake akufuna ndipo adzasowa tulo makinawo akaima. Sanali mkulu wa ku unduna amene adzakhale atasamutsidwa kale makinawo asanamasulidwe m'mabokosi.

Mu Novembala 2019, nduna ya nthawiyo a Ebrahim Patel inasonkhanitsa eni masitolo aakulu monga TFG, Pepkor, Woolworths ndi Mr Price, eni mafakitale, ndi bungwe la antchito la SACTWU, ndipo anasainirana dongosolo lofika mu 2030. Mtima wa dongosololi ndi lonjezo la masitolo lokweza zovala zogulidwa m'mafakitale a m'dziko muno kuchoka pa 44 peresenti kufika pa 65 peresenti. Taonani kasanjidwe kake: oda poyamba, makina pambuyo. Banki imakongoza mosavuta munthu amene wanyamula kalata ya wogula.

Musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Ku Newcastle m'chigawo cha KwaZulu-Natal kwakhala kukumveka nkhani za mafakitale olipira antchito pansi pa mulingo wa lamulo. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2023 kunasautsa mafakitale onse. Timaphukusi ta Shein ndi Temu tinalowa mochuluka mpaka mu 2024 bungwe lotolera msonkho la SARS linasintha malamulo. Ndipo mphako ya pakati ija ilipo kunonso: mafakitale owomba nsalu ndi ochepa, kotero kuti mu 2021 boma linalola osoka kuitanitsa nsalu zina kunja popanda msonkho. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuti tiimvetse bwino ife a kumpoto kwa Limpopo. Osoka a ku Durban ndi ku Cape Town akusowa nsalu, ndipo thonje lili m'minda yathu. Zovala za ku Mauritius, Madagascar, Lesotho ndi Eswatini zadzaza m'masitolo a kuno. Wogula alipo, ndipo amapezeka pa chionetsero cha zovala ndi nsalu cha ku Cape Town, chimene kale chinkatchedwa Source Africa. Ulendo wokafuna oda ndi waufupi kuposa ulendo wokafuna makina.

Pa za zionetsero, unduna wa dtic uli ndi ndondomeko yotchedwa EMIA. Imabwezera wamalonda gawo la ndalama za tikiti ya ndege, malo ogona, kunyamula zitsanzo za katundu ndi lendi ya malo oonetsera, ndipo pa zionetsero zina imamanga malo amodzi a makampani a dziko lonse. Wopita ndi mwini kampani kapena mkulu wake amene angathe kusaina pangano pompopompo, ndipo akabwerako amayenera kupereka lipoti la zimene wagulitsa. Ku Centurion, mu Tshwane momwemuno, kuli ECIC, kampani ya boma imene inakhazikitsidwa mu 2001 kuti iziima chikole pa makina ndi ntchito zazikulu zimene makampani a kuno amagulitsa kunja. Tikamagula zipangizo za m'migodi kapena za njanji ku Joni, tidziwe kuti nakonso khoma lija lilipo.

Chaka china ofesi yathu inali ndi tebulo pa chionetsero cha zamalonda kuno. Moyang'anana nafe panali malo a dziko lina la m'chigawo chathu. Sindilitchula, mwina mungalilote nokha. Panali chithunzi chachikulu cha malo okongola a m'dzikolo, mapaketi angapo a tiyi, zitenje ziwiri zopachika, ndi mipando itatu. Tsiku loyamba mipando inali ndi anthu. Tsiku lachiwiri kuyambira masana inali yokha. Kunabwera mayi wina wogula nsalu za sitolo ina, anagwira chitenje, kuchitembenuza, kuchiyang'ana m'mphepete, n'kundifunsa ine, mlendo, ngati ndikudziwa mtengo wa mamita 5,000 ndi nthawi imene angafike. Anadikira mphindi khumi. Anasiya khadi lake pa mpando n'kumapita. Eni malowo anatulukira chakumadzulo ndi majumbo a m'masitolo. Sindikuwada, alawansi ya ulendo wakunja kwa wantchito wa boma ndi malata a nyumba ndi fizi ya ana. Koma khadi lija ndinaliona likusesedwa ndi zinyalala.

Ndikanakhala ndi mawu ku unduna wa zamalonda kwathu, kapena ku Malawi Investment and Trade Centre, ndikanapempha kuti mndandanda wa opita ku Hannover mu 2027 ulembedwe msanga, ndipo pamwamba pake pakhale anthu a manja akuda ndi girizi. Makaniko amene wakhala zaka makumi awiri pansi pa makina amafunsa mafunso amene nduna singawaganize. Masipeya tidzawapeza kuti, ndipo adzatenga masabata angati? Makinawa amadya magetsi ochuluka bwanji, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi chimaonongeka n'chiyani? Funso limeneli si lamasewera kwa dziko limene mu Januwale 2022 linataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira. Kodi amagwirizana ndi utali wa thonje lathu, kapena anapangidwira la kwina? Mudzaphunzitsa anyamata ndi atsikana athu angati, kwa miyezi ingati, ndipo zimenezo zalembedwa pa tsamba liti la pangano? Safunsa anadya phula. Maiko ogulitsa amakambirana. Akufuna malonda kuposa m'mene ife timaganizira, ndipo wogula amene wayenda m'maholo onse n'kuyerekeza mitengo ya Italy, Turkey, India ndi China amalemekezedwa.

Komanso si makina onse ofunika madola mamiliyoni makumi. Makina oluka nsalu ya malaya a masewera ndi majuzi a sukulu ndi otsika mtengo poyerekeza ndi fakitale yopota. Thonje la m'chipatala ndi mabandeji sizifuna luso la kumwezi. Ndipo oda yaikulu boma lili nayo kale m'manja: yunifolomu za apolisi, asilikali, anamwino ndi akaidi, nsalu za pabedi m'zipatala. Ndondomeko ya Buy Malawi inakhazikitsidwa mu 2016, ndipo chitenje cha Lachisanu chinatchuka m'maofesi. Ndi angati anatembenuza chitenjecho kuti aone kumene nsalu yake inawombedwa? Pa bwalo la Chichiri, pamene bungwe la MCCCI limachititsa chionetsero cha zamalonda, ndikanakonda kuona tebulo limodzi pamene wogula wa boma wakhala ndi mndandanda wa mamita a nsalu amene adzafune m'zaka zisanu zikubwerazi, kuti wofuna kukongola makina akhale ndi pepala lopita nalo ku banki.

Mwina mukuti izi ndi nkhani za akuluakulu a m'maofesi. Pa 12 Novembala 2019 apolisi ndi oyendera malo a ntchito anathyola chipata cha fakitale ina ku Village Deep, mu Johannesburg, imene inkapanga thonje loika m'kati mwa mabulangete. Anapezamo Amalawi 91 otsekeredwa, ndipo 37 mwa iwo anali ana. Mu 2025 khoti lalikulu linapeza eni fakitaleyo asanu ndi awiri, nzika za China, olakwa pa mlandu wozembetsa anthu, n'kuwalamula kukhala m'ndende zaka 20 aliyense. Abale athuwa anawoloka malire kudzaima kutsogolo kwa makina a thonje. Ndi ntchito yomweyo imene ikanawasunga kwawo.

Diresi langa linatha Lolemba, monga bambo aja analonjezera. Nditapita kukatenga ndinawapeza akumanga katoni yaikulu ndi zingwe. M'kati munali makina ena osokera, ogula kwa mnzawo amene akubwerera kwawo.

"Awa akupita kuti, bambo?"

"Kumudzi, kwa mwana wanga wamkazi. Wamaliza maphunziro a zosoka. Basi ya Lachinayi iwanyamula."

Pambali pa katoniyo panali kathumba ka pulasitiki kodzaza. Anakamasula kuti ndione: malamba awiri a mota, mabobini, timapaketi ta singano za manambala osiyanasiyana, botolo la oyilo, ndi kachitsulo kofanana ndi kaja kanathyoka Loweruka, atagula tiwiri. Pansi pake panali pepala la m'kope, atajambulapo ndi bolopeni m'mene amamasulira mbali ya pansi ya makinawo, ndi mivi yosonyeza sikuluwu yoyamba kumasula ndi yomaliza.

"Kathumba aka kandidyera ndalama zambiri," anatero akukalowetsa pakona ya katoni. "Tandigwirirani chingwe apa, achemwali, ndimange mfundo."